Nkhama Zooneka Kwambiri Pomwetulira: Zoyambitsa Zake ndi Chithandizo Chimene Chilipo

Munthu akamwetulira, mlomo wam'mwamba umakwera n'kuonetsa mano akutsogolo. Kwa anthu ambiri nkhama zimaoneka pang'ono chabe, milimita imodzi kapena awiri, mwinanso osaoneka n'komwe. Kwa ena mlomo ukakwera umasiya poyera mbali yaikulu ya nkhama pamwamba pa mano. Madokotala a mano amati nkhama zaoneka mopitirira muyezo ngati mbali yoonekayo ikuposa mamilimita 3 kapena 4.

Nkhaniyi yalembedwera odwala ndi owasamalira, makamaka olankhula Chichewa okhala ku Zimunya ndi madera ozungulira mzinda wa Mutare ku Zimbabwe. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti musanavomere kudulidwa nkhama kapena kubayidwa jakisoni, muyenera kudziwa chimene chikuchititsa kuti nkhama zanu zizioneka kwambiri. Zoyambitsa zake zilipo zingapo, ndipo chilichonse chili ndi chithandizo chakechake.

Kodi amenewa ndi matenda?

Nthawi zambiri si matenda. Ndi mmene nkhope ya munthu inapangidwira, monga mmene ena alili ndi mphuno yaitali kapena mpata pakati pa mano akutsogolo. Kafukufuku amene Tjan ndi anzake anafalitsa ku America mu 1984 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 a zaka zapakati pa 20 ndi 30 amaonetsa nkhama akamwetulira. Zimenezi zimapezeka kwambiri mwa akazi kusiyana ndi amuna. Zimachepanso munthu akamakula, chifukwa mlomo wam'mwamba umatalika ndi kutsika pang'onopang'ono zaka zikamapita.

Ngati nkhama zanu n'zolimba, sizituluka magazi, sizipweteka, ndipo zakhala zikuoneka motero kuyambira muli wamng'ono, palibe chokukakamizani kulandira chithandizo. Nkhama zakuda kapena zamawangamawanga akuda zimene munthu anabadwa nazo si matendanso. Anthu ambiri a khungu lakuda ali ndi nkhama zotero, ndipo n'zathanzi.

Komabe pali anthu amene zimawachititsa manyazi, mpaka kumaseka atagwira pakamwa kapena kukana kujambulidwa. Munthu wotere ali ndi ufulu wofunsa za chithandizo. Palinso anthu amene nkhama zawo zayamba kukula posachedwapa. Amenewa ayenera kuonana ndi dokotala, chifukwa kukula koteroko kumakhala ndi chifukwa chake.

Zimene zimachititsa

*Nkhama zosabwerera m'mbuyo.* Mano okhalitsa akangotuluka mwa mwana, mbali ina ya dzino imakhala yokutidwa ndi nkhama. Nkhamazo zimabwerera m'mwamba pang'onopang'ono mpaka mwanayo atafika pa unyamata kapena utsikana. Kwa anthu ena sizibwerera mokwanira, choncho mano amaoneka aafupi ndi aakulu m'mbali. Dzino lam'mwamba lapakati la munthu wamkulu limatalika pafupifupi mamilimita 10 kapena 11. Ngati mbali yoonekayo ili yaifupi kwambiri pamene dzinolo silinaperepeseke, n'kutheka kuti mbali yotsalayo yabisika m'nkhama.

*Mlomo waufupi kapena wokwera kwambiri.* Mlomo wam'mwamba wa munthu wamkulu, poyeza kuchokera pansi pa mphuno, umakhala wa mamilimita apakati pa 20 ndi 24. Ukafupikirapo, sukwanitsa kuphimba nkhama. Kwa ena mlomo ndi wautali bwinobwino, koma minofu ya m'mbali mwa mphuno imene imaukweza imakoka mwamphamvu munthu akamaseka.

*Fupa la nsagwada yam'mwamba lalitali.* Fupa limeneli likakula motsika kwambiri, mano ndi nkhama zimatsikira limodzi. Munthu wotere amakhala ndi nkhope yaitaliko, mano ake amaoneka ngakhale asakumwetulira, ndipo kawirikawiri amavutika kutseka milomo popanda kukakamiza.

*Mano akutsogolo otsika mopitirira.* Izi zimachitika ngati mano am'mwamba ndi am'munsi sakumana bwino, kapena ngati mano aperepeseka chifukwa chokukuta. Dzino likamatsika limatsika ndi nkhama zake.

*Nkhama zotupa kapena zokula.* Chiseyeye chobwera chifukwa cha litsiro lomatirira m'mano chimatupitsa nkhama. Kupumira m'kamwa nthawi zonse, mawaya owongolera mano osatsukidwa bwino, kukhala ndi pathupi ndiponso mankhwala ena zimakulitsanso nkhama.

Anthu ambiri amakhala ndi zoyambitsa ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi. N'chifukwa chake chithandizo chimene chinathandiza mnzanu sichingakhale choyenera kwa inu.

Mankhwala amene amakulitsa nkhama

Gawo limeneli ndi lofunika kwambiri kwa amene akusamalira odwala khunyu kapena odwala matenda othamanga magazi. Pali magulu atatu a mankhwala odziwika bwino kuti amakulitsa nkhama.

- Phenytoin, amene amaperekedwa kwa odwala khunyu. Anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1938, ndipo pofika 1939 madokotala anali atalemba kale zoti amakulitsa nkhama. Pafupifupi theka la anthu amene amamwa mankhwalawa kwa nthawi yaitali amaona nkhama zawo zikukula, makamaka ana ndi achinyamata.
- Nifedipine ndi amlodipine, amene amatsitsa kuthamanga kwa magazi ndipo amaperekedwa kwambiri m'zipatala za m'chigawo chino cha Africa. Vutoli limapezeka kwambiri mwa omwa nifedipine kusiyana ndi omwa amlodipine.
- Ciclosporin, amene amamwa anthu oikidwa impso kapena chiwalo china.

Kukulako kumayamba nthawi zambiri m'miyezi itatu yoyambirira. Kumayambira pa timinofu ta pakati pa mano akutsogolo, kenaka nkhama zimafalikira pamwamba pa manowo. Zikakula kwambiri zimasunga zakudya, zimatuluka magazi, zimanunkhitsa m'kamwa ndipo zimalepheretsa kutafuna.

Musasiye kumwa mankhwalawa panokha. Kusiya phenytoin mwadzidzidzi kungachititse wodwala kugwa khunyu motsatizana osatsitsimuka, ndipo zimenezi zimatha kupha. Kusiya mankhwala othamanga magazi kumawonjezera chiopsezo cha sitiroko. Pitani kwa namwino kapena dokotala amene amakupatsani mankhwalawo, mumuonetse nkhama zanu. Iye ndi amene angaone ngati n'kotheka kukusinthirani mankhwala ena. Mankhwala akasinthidwa ndipo mano akamatsukidwa bwino, nkhama zimatha kuchepa zokha pakapita miyezi ingapo. Zikadulidwa koma mankhwala osasinthidwa ndiponso m'kamwa osasamalidwa, zimameranso.

Zizindikiro zofunika kupita kuchipatala msanga

Musadikire ngati mwaona chimodzi mwa izi:

- nkhama zatupa mofulumira ndipo zikutuluka magazi popanda kuzikhudza, makamaka ngati pali kutentha thupi, kufooka, kuchepa magazi kapena mikwingwirima pakhungu. Khansa ya m'magazi imatha kuyamba kuonekera motere;
- banga latsopano lofiirira kapena lakuda, kapena chotupa pankhama ndi kudenga kwa m'kamwa. Mwa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV ichi chingakhale chizindikiro cha khansa yotchedwa Kaposi sarcoma;
- chilonda cha m'kamwa chimene chatha masabata awiri osapola;
- mafinya m'nkhama, mano ogwedezeka, kapena kutupa kwa tsaya;
- nkhama zopweteka kwambiri, zodyeka m'mphepete ndi zonunkha.

Amayi oyembekezera ambiri amatupa nkhama, ndipo ena amamera kachotupa kofiira pakati pa mano. Nthawi zambiri zimenezi zimachepa mayi akabereka. Kutsukidwa mano kuchipatala sikuvulaza mwana wosabadwa, choncho fotokozani vutoli mukapita kusikelo.

Zimene dokotala wa mano amayang'ana

Dokotala amakufunsani za matenda amene muli nawo ndi mankhwala amene mukumwa. Tengani khadi lanu lachipatala ndi mapaketi a mankhwala onse, kuphatikizapo azitsamba. Amayang'ana nkhope yanu mutangokhala, kenaka mukumwetulira. Amayeza kutalika kwa mlomo, kutalika kwa mano ndi kukula kwa nkhama zooneka. Amalowetsa kachitsulo kokhala ndi miyezo pakati pa dzino ndi nkhama kuti aone kuya kwake. Kawirikawiri amajambulanso ekiselo kuti adziwe pamene fupa lathera. Ngati munthu akufuna kukudulani nkhama kapena kukubayani jakisoni asanachite zimenezi, kanani.

Njira zothandizira

*Kutsuka mano kuchipatala.* Iyi ndi njira yoyamba kwa aliyense. Litsiro louma likachotsedwa, nkhama zotupa zimaphwa pakatha masabata ochepa, ndipo kwa ena vuto limathera pomwepa. Palibe opaleshoni yokongoletsa imene iyenera kuchitika pankhama zodwala.

*Kudula nkhama.* Opaleshoni yotchedwa gingivectomy imachotsa nkhama zochuluka kuti dzino lionekere lonse. Imachitika wodwala ali maso, atabayidwa mankhwala ochititsa dzanzi. Ngati fupa lili pafupi kwambiri ndi m'mphepete mwa nkhama, dokotala amatsegula nkhamazo n'kusemako fupa pang'ono, chifukwa pamafunika mpata wa pafupifupi mamilimita 3 pakati pa fupa ndi m'mphepete mwa nkhama. Mpata umenewu ukasowa, nkhama zimameranso kapena zimakhala zotupa nthawi zonse. Ulusi umachotsedwa pakatha sabata imodzi kapena awiri, koma nkhama zimatenga miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti zikhazikike. Mano amatha kumva kuzizira kwa kanthawi. Nkhama ndi fupa zikachotsedwa mopitirira, muzu wa dzino umakhala poyera, ndipo kubwezeretsa n'kovuta kwambiri.

*Kuwongola mano ndi mawaya.* Ngati mano akutsogolo atsika mopitirira, mawaya amawakankhira m'mwamba pang'onopang'ono pamodzi ndi nkhama zake. Nthawi zina dokotala amaika timisomali ting'onoting'ono m'fupa kuti mawaya akokere pamenepo. Chithandizochi chimatenga chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo chimafuna kupita kwa dokotala pafupipafupi. Werengerani ndalama zoyendera musanayambe, chifukwa kusiyira panjira kumawononga mano.

*Kutsitsa mlomo.* Njira imeneyi inafotokozedwa koyamba mu 1973 ndi madokotala awiri, Rubinstein ndi Kostianovsky. Dokotala amachotsa kachidutswa ka khungu lam'kati mwa mlomo wam'mwamba n'kusokera mlomowo motsikirako, kuti usamakwere kwambiri. Imathandiza amene mlomo wawo umakoka mwamphamvu. Kwa anthu ena mlomo umabwerera pang'ono pakapita miyezi kapena zaka.

*Opaleshoni ya nsagwada.* Ngati fupa lam'mwamba ndi lalitali kwambiri, njira zing'onozing'onozi sizikwanira. Opaleshoni yotchedwa Le Fort I, imene inatenga dzina la René Le Fort, dokotala wa ku France amene mu 1901 anafotokoza mmene mafupa a nkhope amathyokera, imadula fupalo, kuchotsako mbali ina ndi kulikweza m'mwamba. Ndi opaleshoni yaikulu yochitika wodwala atagonekedwa tulo. Imachitika munthu akasiya kukula, ndipo amavala mawaya isanachitike ndiponso ikachitika. Nkhope imatupa, wodwala amadya zofewa kwa masabata angapo, ndipo dzanzi la mlomo ndi nkhama limatha kukhala kwa miyezi. Zotsatira zake n'zokhalitsa, koma si chinthu chochita mopupuluma.

*Jakisoni wofooketsa minofu.* Mankhwala ake amachokera ku poizoni wa kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum, ndipo ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti Botox. Dokotala amabaya pang'ono m'mbali mwa mphuno kuti minofu yokweza mlomo ifooke. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha masiku ochepa, kumafika pachimake pakatha masabata awiri, ndipo kumatha pakapita miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Zikatero munthu amayenera kubayitsanso ndi kulipiranso. Jakisoniyu sathandiza ngati vuto lili m'nkhama zokula kapena m'mano aafupi.

Chenjezo pa jakisoni

Zotsatsa malonda a jakisoni ameneyu zimapezeka pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo ena obaya sanaphunzire zachipatala. Akabaya molakwika, pakamwa pamapotoka, mlomo umalendewera, ndipo munthu amavutika kulankhula kapena kumwa madzi mpaka mphamvu ya mankhwalayo itatha. Palibe mankhwala obweza msangamsanga kufooka kumeneku.

Palinso vuto la mankhwala achinyengo. Mu 2024 bungwe loona za matenda ku America la CDC linalengeza kuti anthu m'zigawo zingapo za dzikolo anadwala atabayidwa mankhwala achinyengo kapena atabayidwa ndi anthu opanda chilolezo, ndipo ena anagonekedwa m'chipatala. Ngati mwabayidwa kenaka mukuona zinthu ziwiriziwiri, zikope zikugwa, mukulephera kumeza kapena kupuma, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo muuze dokotala chimene munabayidwa.

Amayi oyembekezera, amayi oyamwitsa ndi anthu odwala matenda ofooketsa minofu monga myasthenia gravis sayenera kubayidwa jakisoniyu.

Musayesenso kudzithandiza nokha. Kucheka nkhama ndi lumo, kuziwotcha kapena kupakapo mankhwala oluma kumabweretsa zilonda, kutaya magazi ndi matenda, ndipo lumo logwiritsa ntchito anthu angapo limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi.

Kumene mungapeze thandizo

Ngati mukukhala ku Zimunya, yambirani kukiliniki yapafupi, makamaka ngati mumalandirako mankhwala a khunyu kapena othamanga magazi. Namwino angakuoneni ndi kukulemberani kalata yopita kuchipatala chachikulu. Mumzinda wa Mutare muli Sakubva District Hospital ndi Victoria Chitepo Provincial Hospital, chimene kale chinkatchedwa Mutare Provincial Hospital ndipo ndi chipatala chachikulu cha chigawo cha Manicaland. Mumzindamo mulinso madokotala a mano ogwira ntchito paokha. Akatswiri a opaleshoni ya nsagwada ndi nkhope amapezeka makamaka m'mizinda ikuluikulu monga Harare, umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 260 kuchokera ku Mutare, ndipo kumeneko kuli chipatala cha Parirenyatwa.

Ku Zimbabwe madokotala onse, a mano omwe, amayenera kulembetsa ku Medical and Dental Practitioners Council of Zimbabwe, ndipo mankhwala amavomerezedwa ndi Medicines Control Authority of Zimbabwe. Muli ndi ufulu wopempha kuona chiphaso cha dokotala ndi botolo la mankhwala amene akufuna kukubayani.

Mabanja ambiri olankhula Chichewa ku Manicaland ali ndi achibale ku Malawi, ndipo ena amakalandira chithandizo akapita kumudzi. Kumeneko madokotala amalembetsa ku Medical Council of Malawi, ndipo zipatala za Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth Central ku Blantyre zili ndi magawo oona za mano. Dziko la Malawi linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano mu 2019, pasukulu imene tsopano ndi Kamuzu University of Health Sciences. Ngati mukufuna kuchitidwa opaleshoni kutali ndi kumene mumakhala, konzani zokhala kumeneko mpaka ulusi utachotsedwa, ndipo mubwerere ndi kalata yofotokoza zimene zinachitika.

Zipatala zaboma zimaika patsogolo odwala amene akumva ululu kapena amene ali ndi matenda. Chithandizo chongokongoletsa nthawi zambiri munthu amalipira yekha, ndipo mabungwe a inshulansi yachipatala kawirikawiri salipira. Koma nkhama zokula chifukwa cha mankhwala kapena matenda si nkhani yokongoletsa. Fotokozani momveka bwino ngati zikutuluka magazi kapena zikukulepheretsani kudya.

Mafunso oti mufunse dokotala

- N'chiyani chikuchititsa kuti nkhama zanga zizioneka kwambiri?
- Kodi mankhwala amene ndikumwa angakhale chifukwa chake?
- Nditapanda kuchita chilichonse, chingachitike n'chiyani?
- Kodi chithandizochi n'chokhalitsa, kapena chidzafunika kubwerezedwa?
- Ndi zovuta ziti zimene zingabwere, ndipo ndidzapita kwa yani zikachitika?
- Ndalama zonse ndi zingati, kuphatikizapo ekiselo, mankhwala ndi maulendo obwereza?

Ngati muli ndi matenda a shuga, ngati mumamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin kapena aspirin, kapena ngati mumasuta fodya, muuzeni dokotala. Shuga wokwera ndi fodya zimachedwetsa kupola kwa bala, ndipo mankhwala amenewa angachititse kuti magazi achedwe kuleka.

Kwa makolo ndi osamalira odwala

Mwana amene mano ake okhalitsa angotuluka kumene amaoneka ngati ali ndi nkhama zambiri, koma zambiri zimabwerera zokha. Musathamangire opaleshoni yokongoletsa mwana asanamalize kukula. Ngati anzake akumuseka kusukulu, kambiranani ndi aphunzitsi ndipo mumulimbikitse kuti palibe cholakwika ndi kuseka kwake. Ngati amagona kukamwa kuli yasa kapena amapumira m'kamwa usana wonse, mupite naye kuchipatala kuti akamuone mphuno ndi kukhosi.

Wodwala khunyu kapena wodwala sitiroko amene sangathe kudzitsuka yekha amafunika kuthandizidwa tsiku lililonse. Mukhazikeni pansi, imani kumbuyo kwake, gwirani chibwano ndi dzanja limodzi ndipo mutsuke pang'onopang'ono pamene dzino lakumana ndi nkhama. Mwezi uliwonse kwezani mlomo wake muone ngati nkhama zasintha.

Kusamalira nkhama kunyumba

- Tsukani mano kawiri pa tsiku, m'mawa ndi pogona, kwa mphindi ziwiri, ndi mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride.
- Chotsani zakudya zotsalira pakati pa mano tsiku lililonse ndi ulusi wotsukira mano.
- Nkhama zikamatuluka magazi potsuka, musaleke kutsuka. Pitirizani mosamala, ndipo ngati sizikusintha pakatha masabata awiri pitani kuchipatala.
- Idyani zipatso monga magwafa, malalanje ndi mango, komanso ndiwo zamasamba. Kusowa kwa vitamini C kumafooketsa nkhama.
- Chepetsani zakumwa zotsekemera ndi maswiti, ndipo siyani fodya.

Zofunika kukumbukira

Nkhama zimene zakhala zikuoneka kuyambira kale, zolimba ndi zosatuluka magazi, sizifuna chithandizo pokhapokha inu mwini mutafuna. Nkhama zimene zayamba kukula posachedwapa ziyenera kuonedwa ndi wachipatala. Musasiye mankhwala a khunyu kapena othamanga magazi popanda kuuzidwa ndi dokotala. Musalole kudulidwa kapena kubayidwa ndi munthu wosalembetsa, ndipo musavomere chithandizo chilichonse mpaka dokotala atakufotokozerani chimene chayambitsa vuto lanu.